Wothawa Usilikali Pakati pa Matumba a Mpunga

Chombo cha a Mitwalli chinali chitadzaza mpunga, chikungodikira kusechedwa kuti chinyamuke pa doko la Dumyat, pamene wophika, nkhalamba Sirhan, anatulutsa munthu pakati pa matumba. Mutu unali wometedwa mpala, kumapazi nsapato za usilikali.

Lamulo ankalidziwa aliyense. Kaputeni wopezeka ndi wothawa usilikali ankalandidwa chombo, iye n'kukawolera kundende. Zoti "sindimadziwa" kunali kungotaya malovu.

"Ndiwe yani iwe?" anakalipa a Mitwalli.

Munthuyo anangowayang'ana pakamwa.

"Taonani mwano! M'tulutseni, akafere kwina."

"Wadya kale buledi ndi mchere wanu, akaputeni," anatero Sirhan. "Ndam'patsa ndine."

"Iwe nkhalamba, mcherewo ndi wa atate ako?"

Koma munthu amene wadya mchere wako sungam'pereke, ngakhale ukwiye chotani. A Mitwalli anaponya nsapato zija m'madzi uku akutukwana, anam'kulunga nsalu kumutu, n'kumupatsa ndowa ya phula kuti azimata ming'alu.

Wosecha anafika dzuwa lili pamutu. Anali kathyali, sankadzivutitsa ndi matumba. Ankadikira anthu atanganidwe, kenaka n'kukuwa lamulo la pa perete, podziwa kuti thupi la msilikali limayankha lokha mwini wake asanaganize.

"Imani njo!"

Pambuyo pa a Mitwalli panamveka zidendene zikugundana. Atacheuka anapeza ndi Sirhan, chifuwa panja, chipande chili paphewa ngati mfuti. Mkuluyu usilikali anapuma zaka makumi atatu zapitazo, chikalata chake ali nacho m'thumba. Wa phula uja sanadzutse n'komwe mutu.

Wosecha anaseka mpaka kutsokomola, nadinda pepala lonyamukira.

Doko litazimiririka, a Mitwalli anakhala pathumba. Chombo chinali chikadali chawo, ndipo mtima unakhala pansi moti anam'khululukira Sirhan za mchere zija. Anaitana mlendo uja ndi dzanja, nam'menya paphewa.

"Ndiwe mwamuna, m'bale wanga! Unalimba bwanji mtima atakuwa chonchija?"

Munthuyo anawayang'ananso pakamwa, kenaka anayankha mokweza kwambiri, akuloza khutu.

"Dzina langa ndine Gharib. Pepani bwana, chiphulikireni mzinga pambali panga, sindimva kanthu."

A Mitwalli ananyema buledi wawo, nam'patsa mbali yaikulu.