Mapazi Pakhoma la Hotela

Kodi n'chiyani chingachititse munthu kuzindikira mnzake pachithunzi chopanda nkhope, chopandanso dzina? Taganizani, pamene tikulowa m'sitolo ya nsalu ya Eveless ku Old Town.

Eveless ankapinda zitenje ali pampando, mapazi ataviika m'beseni la madzi ozizira, pamene Tabitha, mnzake wa ku Mvano, anatulukira. Tabitha ankagwira ntchito yoperekera tiyi pa hotela ina ku City Centre.

"Amayi a Lisa, mwatchukatu! Dzulo ndinakuonani pakhoma, mwayandikana ndi nyani."

"Nyani utinso, inu?"

"Pamsonkhano wa madokotala. Achimwene anu a Dalton amafotokoza za kafukufuku wawo wa ku America. Akuti kumeneko anyani amawapatsa kachilombo kofanana ndi ka HIV, n'kumaona mmene mitsempha ya kumapazi ikufera. Anaonetsa phazi la nyani, kenako mapazi a mayi amene ali ndi kachilombo. Ine thireyi inatsala pang'ono kundipulumuka!" Anatsitsa mawu. "Koma musadandaule. Ndangouza amayi a Joy okha, kuti tizikupemphererani."

Eveless anatulutsa mapazi m'madzi pang'onopang'ono. Zaka zonsezi ankamwa mankhwala mwakachetechete. Ngakhale Lisa, mwana wake wa ku sekondale, sankadziwa. Anangouza Dalton yekha, mlongo wake wamng'ono, tsiku limene mapazi anamuotcha mpaka analira. Dalton anawagwiragwira, kuwabaya pang'ono ndi kasingano, n'kuwajambula ndi foni. Anati akufuna kufunsa nzeru kwa anzake. Patapita masiku anamubweretsera nsapato zofewa za kunja.

Tabitha atachoka, Eveless anavala nsapato zomwezo, n'kutseka sitolo dzuwa lili paliwombo.

Ku Area 15 anamupeza Dalton akuthirira maluwa.

"Achemwali! Bwanji osaimba? Ndikanadzakutengani."

"Nyani wako uja unamupempha usanamujambule?"

Dalton anatseka mpopi. "Mwamva kwa ndani?"

"Ndakufunsa. Unamupempha?"

"Nyani sapemphedwa, achemwali."

"N'chifukwa chake ineyo sunandipemphenso."

"Ayi, musatero. Mvetsetsani. Munthu sitingamupatse kachilombo dala kuti tione mmene timitsempha ta m'khungu timayambira kufa. Pa nyani timaona kuyambira pachiyambi. Koma anthu akaona nyani yekha amangoyasamula. Ndinafuna aone kuti vutoli lili pakati pathu, kuti mankhwala apezeke. Ndinachitira inu nomwe!"

"Unachitira ine. Ndipo anakuombera m'manja?"

Dalton anayang'ana pansi. "Nkhope sinaoneke. Dzina sindinatchule. Palibe amene akanadziwa."

"Tabitha wadziwa. Amayi a Joy adziwa. Pofika Lamulungu tchalitchi chonse chidzakhala chikundipempherera mokweza, Lisa ali pomwepo."

"Tabitha? Wadziwa bwanji? Mapazi ndi mapazi basi."

Eveless anamuyang'ana nthawi yaitali. Anaona kuti sakunama: sankadziwadi. Chimenecho chinamupweteka kuposa chithunzicho.

Anawerama, n'kuvula nsapato zija, n'kuziika bwinobwino pakhonde.

"Achemwali, miyalayi ikupwetekani."

"Ndikupita kukamuuza mwana wanga ndekha, asanamve kwa anthu. Iwe kunyumba kwanga usapondeko. Ukafuna mapazi ena, ukapemphe kwa anyani ako."

Anauyamba ulendo wa kugeti, akuponda miyala yotentha ngati akuponda minga, osacheuka. Dalton anatulutsa foni, n'kutsegula chithunzi chija. Anachikuza ndi zala monga ankachitira ndi zithunzi za anyani, koma ulendo uno sankafufuza za mitsempha. Apo ndi pamene anachiona chimene Tabitha anachizindikira ali kumbuyo kwa holo, thireyi ili m'manja.

Chinali chipsera chachikulu paphazi lamanzere, chimene amayi onse a ku Mvano ankadziwa mbiri yake. Eveless anapsa ali mtsikana, tsiku limene anaponda makala pokamuchotsa Dalton pamoto, Daltonyo ali khanda lokwawa.