A Roscoe Anaomba M'manja Osadziwa

Amuna anga, a Roscoe Tarver, analumbira kuti sadzapondanso pabwalo la mpira la yunivesite ya m'tauni mwathu muno ku Alabama, m'dziko la America. Malaya ofiira a timu anawaponya m'galaja pamodzi ndi nsanza zopukutira galimoto. Munthu amene Loweruka lililonse ankalawirira kukawotcha nthiti za nkhumba kunja kwa bwalo, tsopano ankangokhala pakhonde kuyang'ana msewu.

A Roscoe samva. Anadwala matenda oumitsa khosi ali khanda, makutu n'kutsekeratu. Timalankhulana ndi manja, ndipo tikamakangana manja awo amathamanga kuposa pakamwa panga. Mpira ankaukonda chifukwa umaoneka ndi maso, ndipo ng'oma za bandi ankazimvera m'chifuwa. Mwana wathu Devontae atalowa m'timu ya yunivesite, bambo ake anayenda monyang'wa mwezi wathunthu.

Tsoka linagwa mu Okutobala. Ine ndinali pamzere wa kuchimbudzi pamene chimkuzamawu chinalengeza kuti Devontae Tarver wavulala. Ndinakwera masitepe ndikupunthwa.

Kuno wosewera akavulala anzake amagwada, ndipo akamamutulutsa pa kagalimoto bwalo lonse limaimirira n'kumuombera m'manja pomulimbitsa mtima. A Roscoe mwambowu amaudziwa. Koma ndi aafupi, ndipo anthu a kutsogolo anali ataimirira kale n'kuwatchinga. Atayang'ana pa chikanema chachikulu cha pabwalo anangoona nkhuku yokazinga ikutsatsidwa. Poona aliyense akuomba m'manja, anaganiza kuti timu yathu yachita bwino.

Ndinawapeza akudumpha, akuzunguza mpango m'mwamba, akuseka mano onse pamtunda.

"Bambo awa aledzera kapena mutu sukuyenda?" anatero munthu wina kumbuyo kwawo.

Ndinawagwira mkono n'kuwauza ndi manja kuti, "Ndi Devontae. Wavulala." Nkhope imene ndinaona pamenepo sindifuna kudzaionanso.

Bondo la mwanayo linawonongeka zedi. Madokotala anatiuza mosabisa kuti mpira watha. Chinamutsalira n'chimodzi chokha. Pa masewero omaliza a pakhomo, osewera amene akutsiriza sukulu amatuluka mmodzimmodzi, ataperekezedwa ndi makolo awo, mayina awo akulengezedwa. Devontae, amene anali m'chaka chake chomaliza, ankafuna kudzayenda pamenepo, ngakhale ndi ndodo.

"Pitani awiri," anatero a Roscoe, manja akuyenda mwaulesi. "Ine ndikaimirire pakati pa bwalo ngati chitsa? Anthu onse akumva dzina la mwana wanga, ine ayi? Ndinasekerera mwana wanga akulira. Zandikwana."

"Amayi, ababa akapanda kubwera, inenso sindituluka," anatero Devontae, n'kutembenukira kukhoma.

Ndinaimba foni ku ofesi yogulitsa matikiti. Mtsikana wa mawu okoma anandiuza kuti, "Pepani kwambiri, mayi. Bwanji muzingokhala nawo pafupi n'kumawauza zimene zikunenedwa?"

"Ndiye kuti ine ndisamapite kuchimbudzi mpaka imfa?" ndinamufunsa. Anapepesanso, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'nyumba munalowa chisanu. Bambo pakhonde, mwana kuchipinda, ine pakati ndi mbale za chakudya chimene palibe ankadya. Kunena zoona, ndinataya mtima. Ndinkaona kuti bwalo lija linamangidwira anthu a makutu okha, ndipo ife tinkangodzikakamiza.

Tsiku lina a Verlene Pickett, oyandikana nafe, anandipeza ndikulira kuseri kwa nyumba. Mayiwa anagwira ntchito zaka zambiri pasukulu ya ana osamva.

"Mayi a Devontae, misoziyi mukuthirira maluwa?" anandifunsa. Nditawafotokozera anapukusa mutu. "Anzanga, munagogoda khomo lolakwika. Wogulitsa matikiti amadziwa matikiti basi. Pa yunivesite pali ofesi yoona za anthu olumala. Lamulo la dziko lino limati malo a anthu onse azionetsetsa kuti uthenga ukufika kwa osamva ngati mmene ukufikira kwa akumva. Si chifundo chimenecho ayi, ndi ufulu."

"Ndiye ndipite mawa?"

"Inu ayi. Apite eni ake. Auzeni a ofesiyo pasadakhale kuti pakhale womasulira chinenero cha manja. Inu mukakhale mkazi wawo, osati pakamwa pawo."

A Roscoe anakana. A Verlene anawaimirira kutsogolo, manja awo akuthwanima. "Achimwene, mukuganiza kuti osamva pabwalo paja ndinu nokha? Mphezi ikadzayamba, n'kulengeza kuti aliyense athawe, anzanu aja adzadziwa bwanji? Khalani pakhondepo, muzidzimvera chisoni." A Roscoe anawatukwana pang'ono ndi manja, koma m'mawa mwake anavala jekete.

Mkulu wa ofesiyo, a Whitlock, anatilandira bwino, womasulira ali pambali. Koma mawu awo oyamba anandifoola.

"Nthawi yachepa, bambo Tarver. Malo a pa chikanema anatengedwa kale ndi otsatsa malonda. Mwina chaka chamawa."

Chaka chamawa! Chaka chamawa Devontae sadzakhalaponso. Ndinatola chikwama changa kuti tizipita. Koma a Roscoe sanasunthe. Anayamba kufotokoza okha za tsiku lija: anthu oimirira, nkhuku yokazinga, mpango m'mwamba.

"Sindikupempha mpando waulere," anamaliza motero a Roscoe. "Ndikufuna chimene mukuuza anthu ena muzindiuzanso ine. Mawu onse otuluka pa chimkuzamawu azilembedwa poti ndingawerenge."

A Whitlock anati, "Mwanena zoona, ndipo lamulo lili kumbali yanu. Ndikalankhula ndi oyendetsa bwalo. Sindikulonjeza."

Masabata anadutsa kuli zii. A Roscoe anabwerera pakhonde pawo. Devontae anasiya n'kufunsa komwe. Ine ndinkangoti tachita manyazi pachabe. Uthenga unabwera masewero atatsala pang'ono: mawu adzalembedwa m'munsi mwa chikanema, ndipo womasulira adzakhala pabwalo.

"Akunama amenewo," anatero a Roscoe. Komabe ndinawaona akulowa m'galaja. Malaya ofiira aja ndinawachapa kawiri, koma banga la mafuta silinachoke.

Tsikulo kunazizira. Tinaima pakhomo lotulukira osewera, Devontae pakati ndi ndodo zake. Dzanja la a Roscoe linali paphewa la mwanayo. Maso awo anali pa chikanema, pomwe galimoto yatsopano inkazungulira. Mtima wanga unati, basi, atipusitsa.

Kenako m'munsi munatuluka mzere wakuda, mawu oyera n'kuyamba kuyenda. Dzina la mnyamata woyamba, la wachiwiri. A Roscoe ankawerenga milomo ikugwedera. Ndiye panabwera: "Devontae Tarver, akuperekezedwa ndi makolo ake, a Roscoe ndi a Odessa Tarver."

Sanayembekeze kuti ndiwakodole. Ananyamuka okha, ine n'kutsatira. Tinayenda pang'onopang'ono, ndodo zikumira m'kapinga. Titafika pakati, a Roscoe anasiya phewa la mwana wawo, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuyamba kumuombera m'manja misozi ili chuchuchu. Devontae anagwetsa ndodo imodzi n'kuwakumbatira.

Bondo silinachire bwinobwino, ndipo mwana wanga sadzathamanganso pa kapinga uja. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero. Koma mzere wakuda uja unakhalirira, ndipo anzawo a a Roscoe osamva ayamba kubwera ku mpira.

Uthenga wanga ndi uwu. Ngati m'banja mwanu muli munthu wosamva, musamangomunong'oneza ndi manja pakona, ndipo musamulole kudzitsekera kunyumba. Funsani ofesi yoona za anthu olumala, pitani nthawi ilipo, ndipo mwini wake anene yekha chimene akufuna. Inunso oyang'anira mabwalo, chilichonse chimene mukulengeza chilembedwenso poonekera. Munthu wosamva ali ndi ufulu wodziwa chimene akuombera m'manja.