Maondo a Elube

Ndiye kuti nsapato nazonso avule, azisiye pakhomo, mu Joni muno momwe munthu amagona atazitsamira kuopa akuba? Japhet anavulabe, chala chachikulu n'kusuzumira pabowo la sokosi, nakakhala pansi, maondo akulira, patebulo lalifupi ngati la ana. Malo omwera a Chijapani, ku Boksburg, Lachiwiri masana. Anali atakwera mateksi awiri kuchokera ku Daveyton kuti adzauze mwana wake Elube, amene amaperekera zakudya muno, mawu ochepa chabe: Loweruka ndikupita kumudzi, maso atha, sindidzabweranso. Zaka zinayi osalankhulana, kuyambira tsiku lija mtsikanayu anabwera ndi chibwenzi chake, Msuthu, n'kupereka moni chiimirire, iye n'kunena pamaso pa mlendo kuti mwana wosagwada si wake, ndipo ananena, inde, sangakane, koma ndani sanenapo mawu atapsa mtima?

Elube anatulukira atavala zakuda. Anafika, anamuona, n'kugwada. Maondo onse awiri pansi. Anamupatsa kathaulo kotentha ndi manja awiri.

"Mumwa chiyani?"

"Chimene amamwa eni ake."

Palibe "Ababa", komabe wagwada, ndipo mtima wa Japhet unagunda ngati wa mnyamata. Mowa unabwera wofunda, wa mpunga, m'kabotolo kadothi, kapu yake yochepa ngati chotsekera botolo, mwina amuyesa wosauka, mwina wina kukhitchiniko wanena kuti mkwerekwereyo, mlendo wa dziko linayo, mum'patse kakang'ono. Koma unatsika bwino, mowawo, unafunditsa pachifuwa, ndipo zimenezi zinamukwiyitsa. Nkhuku yowotcha yosomeka pakamtengo nayonso inakoma mopanda chifukwa. Timitengo tiwiri todyera timene anamupatsa anatikankhira pambali, n'kudya ndi zala, akuyang'ana uku ndi uku ngati alipo akumuseka. Akabweranso ndimuuza, anatero mumtima, ndiyamba ndi za maso, za mawu aja zibwera zokha.

Kenaka analowa azungu awiri ndi mayi wina wa Chizulu, n'kukhala patebulo la patsidya. Elube anapita, n'kugwada. Chimodzimodzi. Maondo onse awiri, manja awiri, kathaulo komweko.

Chitsiru, Japhet, chitsiru chokalamba! Muno amagwadira aliyense wovula nsapato, tebulo lake ndi lalifupi, basi. Chimene anakaniza bambo wake womubala akuchigawa kwa anthu a mumsewu, ndipo mwina n'chifukwa chake anasankha ntchito ino, kuti iye adzamve, adzapse mtima, kapena ayi, mwana anafuna ntchito atathamangitsidwa, ndipo anamuthamangitsa ndani? Mayi ake akanakhala moyo akanati pita ukamutenge, ndipo iye sakanapita, amadzidziwa, anadikira zaka zinayi kuti mwana ndiye abwere, mpaka adokotala anamuuza kuti diso lamanzerenso layamba, mpaka bwana wa pageti anati mlonda wosaona ndi wa chiyani.

"Pali china?"

Elube anali atagwadanso pambali pake. Japhet anatsegula pakamwa. Loweruka. Basi ya Loweruka. Anene tsopano.

"Onjezera nkhuku ija."

"Chabwino."

Anamva mawu ake omwe, mawu olamula ngati a kasitomala, ndipo anafuna kudzimenya mbama. Anagwira kabotolo kuti adzithirire, apeze chochita ndi manja, koma mowa unapita pambali, kapu ili apo, iye akuthira apa, n'kuyenderera patebulo mpaka kudontha pabuluku. Elube sanadzuke. Anatenga kabotoloko m'dzanja lake mosalanda, anapukuta tebulo, anathira, kenaka anagwira zala za bambo wake n'kuzitsogolera pakapu, n'kuzisiya pamenepo pang'ono, zala zake zili pamwamba pa za Japhet, zozizira, zonunkha sopo.

"Yadzaza," anatero chapansipansi, n'kunyamuka.

Wadziwa za maso, kapena amawaphunzitsa kutero, kugwira dzanja la aliyense wotaya mowa? Japhet anatembenukira kutebulo la patsidya, kumene Elube anali atagwadanso ndi kabotolo kena. Mkuluyo anatong'ola maso, anawatikita ndi kathaulo kamene kanali katazizira kale, kuti aone ngati mzungu uja naye am'gwira zala. Anangoona chinthu chakuda chikuwerama pafupi ndi chinthu choyera, ndipo pakati pake, pomwe panayenera kukhala manja, panali chifunga.