Adaputala ya Ba Kangwa

Kwathu kuno ku Kitwe aliyense amadziwa kuti kabokosi ka Lombe sikakhudzidwa. Anakapanga yekha m'chitini cha polishi, ndi tizitsulo ta m'wailesi ya malemu bambo ake. Akakaponda, gitala inkalira mosasa ngati munthu wachimfine, ndipo Ba Mwelwa, eni bandi, anamutengera kulira komweko. Popanda kabokosiko, eti, bandiyo inalibe naye ntchito.

Ndiye Loweruka masana, akuyala zida paukwati ku Chimwemwe, Lombe analowetsa adaputala yamagetsi m'kabokosi muja. Kanangoti phu, kautsi tolo, fungo lake ngati tsitsi lopserera. Atayang'ana kukhoma anapeza kuti adaputalayo si yake. Yake anaimanga kansalu kofiira, ndipo kansaluko kankalendewera kuseri kwa kiyibodi ya Ba Kangwa, mwamuna wa mkulu wake.

"Ba mulamu, mwasintha ndinu?"

"Yako ili ndi waya wautali," anatero Ba Kangwa uku akutafuna chikanda. "Ndakusiyira yanga. Kamutu n'kofanana, si kalowa bwinobwino?"

"Kulowa kwalowa. Koma zagitala pakati pamakhala mainasi, zanuzo pakati ndi pulasi. Moto walowera chakumbuyo. Mwandiwotchera zonse."

Lombe anatsegula chitinicho. Kapasita, yomwe imasunga moto, inali itaphulika ngati chimanga chokazinga, ndipo tizitsulo ta bambo ake tinali bii. Zoterezi sungazipezenso ngakhale utazungulira msika wonse wa Chisokone.

Ba Mwelwa anasuzumiramo n'kupukusa mutu. "Ndiye lero ukhale kaye pansi, mwana. Kangwa atseka mpatawo ndi kiyibodi."

Apa m'pamene Lombe anakumbukira kuti kiyibodiyo sinayatsidwe, ndipo adaputala yake yakansalu kofiira ija ikanaichita zomwezo. Mtsikanayu si woipa mtima, ine ndimamudziwa. Anatsegula pakamwa kuti awachenjeze.

"Ba mulamu, musanayatse..."

"Iwe, zakwana. Ukulirira chitini cha polishi? Ndikugulira china, upukutirenso nsapato. Zamagetsi uzisiyire amuna."

Anyamata ang'oma anaseka. Lombe anatseka pakamwa, n'kukhala pampando, n'kupinda manja.

Ba Kangwa anapukuta zala pathalauzi n'kudina batani. Kiyibodi inaphethira kamodzi, kenako fungo lija linabweranso, lokulirapo.

"Yatani kodi?" anafunsa Ba Kangwa.

"Kaya," anatero Lombe. "Si kalowa bwinobwino?"

Akwati anali atafika kale pageti, azimayi akululutira. Ba Mwelwa anayang'ana kiyibodi, anayang'ana Lombe, kenako anatukwana chamumtima n'kumupatsa chingwe cholumikizira gitala molunjika ku ampu yokuzira mawu. Lombe anaimba gitala yosasasa ukwati wonse, nsagwada zili gwa, ndipo sanamwetulire ngakhale pomwe anthu ankamufupa.

Mkulu wake mpaka pano samuyankhula. Chitini chopsacho Lombe anachiika pawindo loyang'ana kunyumba kwa Ba Kangwa, chotsegula.