Ziguduli za Mayi Chikolopa

Mayi Chikolopa, okolopa m'nyumba yofufuzira za nyama, anapeza ziguduli zawo zili m'bini Lolemba m'mawa. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ankazinyowetsa n'kuphimba nazo mabokosi agalasi osungiramo mfuko. Tsopano mabokosiwo anali pambalambanda, fani ikuwapemerera.

"Ndataya ndine," anatero Dokotala watsopano. "Muno mukununkha chuku, ndipo Lachisanu kubwera alendo. Mukazibwezera, ntchito yatha."

"Bwana, mfuko simwa madzi. Madzi ake ndi a m'mbatata ikudyayo. Ku una mpweya ndi wonyowa, ndiye ikamapuma siuma kukhosi. Faniyi ikuzikama."

"Kukutentha, mayi. Chinyezi chikachuluka, thupi sililavula kutentha, zifa. Ndinawerenga."

Kuwerenga anawerengadi, ndipo sananame. Koma safunsa anadya phula. Akanafunsa, akanamva kuti ziguduli zomwezo ndizo zinkaziziritsa galasi, ngati nsalu yonyowa pa mtsuko.

Pofika Lachitatu, Kamano, mfuko yaukali kuposa zonse, inali italeka kukumba. Pa sikelo inapepuka. Mayi Chikolopa ataitsina pamsana, khungu linangotsala chiimire, ndipo siinayese n'komwe kuwaluma. Zimenezo ndizo zinawawawa.

Mantha anali nawo, tisawanamizire. Kunyumba anthu asanu ankadya chikolopa chomwecho. Anakolopa pakhonde kawiri, poyera kale, mtima ukukangana. Kenako anapita kuseri, natola ziguduli zija m'bini, nazichapa ndi sopo, n'kubwera nazo zikudontha kudzaphimba mabokosi aja. Fani anaithimitsa ndi chala cha kuphazi.

Masana Dokotala anaima pakhomo.

"Mayi, ndinati chiyani?"

"Ndinamva, bwana, makutu ndili nawo. Kalata yondichotsa ntchitoyo lembani. Koma mudzandipatse Lachisanu alendo ali pompano, ndidzawanyamulire Kamano amutsine okha."

Dokotala anakweza chiguduli chimodzi, nakhudza galasi ndi kuseri kwa dzanja. Linali lozizira. Mkatimo dothi linkagwedezeka. Kamano anatulukira chafutambuyo, akukankha dothi lonyowa ndi miyendo, mpaka anatseka khomo la una wake, ndendende pamene panali nkhope ya Dokotala.

Dokotala anakhala kanthawi chiguduli chili m'manja, madzi akudonthera pa nsapato. Sanati pepani, sanatinso chokani. Anachibwezera pang'onopang'ono, koma mokhota.

Mayi Chikolopa anachiwongola, natola chikolopa chawo.

"Tasunthani, bwana. Mwaponda ponyowa."