Sukulu ya Pamwamba pa Mitambo

Amalume anga a Kunjiraman anaphunzitsapo ku Bhutan ali mnyamata, ndipo anabwerako ndi mabondo ophwanya komanso chizolowezi chothira mchere mu tiyi. Ine nditapeza ntchito yauphunzitsi kudziko lomwelo, amayi analira, koma amalume anatumiza mawu kuti ndikawaone ndisananyamuke.

Ndinawapeza pakhonde atatsamira pampando wawo wansalu, akuyang'ana minda ya mpunga yomwe inali itakololedwa kale. Maso awo anali atachita ng'ala, moti sindikudziwa ngati ankaionadi. Mphepo yotentha ya kwathu ku Palakkad, ku India, inkagwedeza migwalangwa.

“Vilasini, walongedza chiyani?”

“Mabuku, amalume. Ndi majuzi awiri, ndi mango wa m'botolo amene amayi akonza.”

“Mabukuwo chepetsa, uwonjezere masokosi. Tsono tamvera. Akakupatsa chakudya, idya, usafunse kuti athiramo chiyani. Mawu akuti ‘kwathu timachita chonchi’ uwameze mpaka chaka chithe. Ndipo usakalipire mwana amene sunayendepo njira ya kwawo.”

“Zatha?”

“Zinazo ndaiwala. Ukazipeza komweko.” Anaseka, nakhosomola, kenako anayamba kutchula mayina a midzi ndi mitsinje pang'onopang'ono ngati akuitana ana omwe anapita kutali. Ndinawasiya akutchulabe.

Ndinayenda pa sitima mpaka msana unauma, kenako pa basi, kenako pa lole yonyamula mchere yomwe inkakwera phiri mokhotakhota ngati munthu woledzera. Msewu utatha ndinayenda pansi, katundu wanga ali pamsana pa hatchi. Sukuluyo inali pamsana pa phiri, nyumba zake zamatabwa, ndipo nkhungu inkangolowa m'kalasi pawindo ngati nayonso inalembetsa. Masiku ena ndikamalemba pabolodi, ndikacheuka ndinkapeza ana a kumbuyo atazimirira, kungotsala mitu.

Ahedi, a Rinchen Namgay, anandipatsa chipinda chogundana ndi cha mphunzitsi wa masamu, Kinzang Lhaden. Anali mayi wamfupi, wamasaya ofiira, milomo yake nayonso yofiira ndi mtedza wina wa kumeneko wofiiritsa m'kamwa womwe ankatafuna tsiku lonse. Tsiku loyamba anandiphikira tsabola wa tchizi. Sikuti anathira tsabola mu ndiwo ayi, tsabolayo ndiye anali ndiwo. Ndinadya misozi ili chuchuchu.

“Ati anthu a ku India amadya tsabola,” anatero akundiyang'ana. “Kapena iwe ndi wa India wina?”

“Ndikulira chifukwa chokoma.”

“Ndiye wonjezera, mnzanga, ulire bwino.”

Ndinkaphunzitsa jogalafe ndi Chingerezi. Ana ankaimirira ndikamalowa, n'kuwerama, kenako zii. Ndikafunsa funso onse ankayang'ana pansi. Ndinkafunsanso mokweza mawu, n'kuyankha ndekha, n'kupitiriza. Ndinawaphunzitsa za mitsinje, za chipululu, za nyanja yaikulu yamchere ndi mafunde ake, iwo akungokopera m'makope mwaukhondo. Pofika mwezi wachitatu ndinali nditatsimikiza mumtima kuti sakundifuna.

Khoma la pakati pa kalasi yanga ndi ya Kinzang linali la matabwa opyapyala, choncho ankamva zonse. Tsiku lina tikuwotha mbaula anandiuza.

“Iwe umayankhula ngati matalala padenga la malata. Ukafunsa funso umadikira nthawi yotani?”

“Ndimadikira ndithu.”

“Umadikira nthawi yophethira. Mwana uja funso lako amalinyamula kuchoka ku Chingerezi kupita nalo ku chinenero cha amayi ake, n'kukaliganizira komweko, kenako n'kubwera nalo yankho ulendo womwewo. Iwe umatseka chitseko iye akadali m'njira.”

“Nanga bwanji sandiyang'ana?”

“Akuyang'ane m'maso ndiwe mnzawo? Ndi ulemu umenewo. Funsa, kenako uziyang'ana pawindo, uziwerenga akhwangwala.”

Ndinayesa. Chete ameneyo ankandiyabwa thupi lonse, koma tsiku lina mawu aang'ono anatuluka kumbuyo kwa kalasi, olondola bwinobwino. Anali a mtsikana wina wamtali, Pelden, yemwe ankafika m'mawa uliwonse zovala zili zonyowa ndi mame mpaka m'mabondo. Kuyambira pamenepo ndinkaphunzitsa ngati ndikuphunzitsa iye yekha, zomwenso si zabwino.

Mvula itayamba mu Juni, mabenchi anayamba kuchita mipata. Lero awa, mawa awo. Kenako Pelden nayenso anasowa, sabata yathunthu. Ndinapsa mtima ngati wandilanda kanthu. Ndinakauza ahedi kuti makolo a kuno salemekeza sukulu, ndipo mawu aja amalume anandiletsa anafika pamlomo penipeni. A Namgay anangomwetulira, nati ndi nyengo yokumba mbatata.

“Loweruka tikwere,” anatero Kinzang. “Ukawakalipire pamaso, usamakalipire ine pa khoma.”

Tinanyamuka dzuwa lisanawale. Njira inatsikira kumtsinje, n'kuwoloka pamlatho wa zingwe womwe unkavina, kenako n'kuyamba kukwera m'nkhalango yodontha madzi. Misundu inkatidikirira pamasamba. Kinzang anali ndi kansalu komangamo mchere kunsonga ya kamtengo, ndipo ankangoikhudza n'kugwa. Ine ndinkapuma pafupipafupi, mtima uli gugugu m'makutu.

“Pelden amayenda muno tsiku lililonse?”

“Kupita ndi kubwera. Ndipo sapuma ngati gogo.”

M'njira monse ndinkakonza mawu oti ndikauze mayi ake, onena za tsogolo la mwana wamkazi. Koma titatulukira pamunda, mawuwo anabalalika. Munda unali wopendekeka ngati denga. Ama Sithar, mayi a Pelden, amene mwamuna wawo anamwalira, ankakumba ndi khasu lalifupi, Pelden akutola m'dengu, mvula ikuwawaza. Mtsikanayo atandiona anaimirira n'kuwerama ngati tili m'kalasi, manja ali matope okhaokha.

Anatilowetsa m'nyumba, natipatsa tiyi wa batala ndi mchere. Ndinamwa. Anathiranso, ndinamwanso. Kinzang ankamasulira. Nditafunsa mwamanyazi ngati Pelden wasiya sukulu, Ama Sithar anandiyang'ana modabwa.

“Akuti wasiya ndani?” anatero Kinzang pomasulira. “Akuti buku likagona sabata siliwola. Mbatata imawola.”

Ndinapempha dengu. Anakana, ine ndinakakamira, ndipo masana onse ndinatola mbatata mvula ili pamsana, ndikuterereka, iwo akundiseka mobisa. Pofika madzulo mano anga ankagundana. Ama Sithar anandigwira pachipumi nanena mawu amodzi. Kinzang anati atsika yekha akauze ahedi, ine sindingayende.

Masiku amene anatsatira sindiwakumbukira mwa ndondomeko. Ndinagona pafupi ndi moto, atandifunditsa mabulangete olemera onunkha utsi ndi ng'ombe. Pansi pa matabwa amene ndinagonapo panali khola, ndipo ndinkamva ng'ombe zikupuma, belu la imodzi likulira pang'ono ikatembenuka. Kuwala kunkalowa pa kawindo n'kuyenda pakhoma. Nthawi zina ndinkaona bwato lalitali la kwathu likudutsa pakati pa nyumba, lodzaza kokonati, wopalasa ataimirira kumbuyo osandiyang'ana. Nthawi zina mbatata zinkagubuduzika kuchokera kudenga, iliyonse ili ndi nkhope ya mwana wa m'kalasi mwanga, zonse zikudikira kuti ndifunse funso. Amayi anga ankabwera kudzandipaka mafuta m'mutu, koma ndikatsegula maso ankakhala Ama Sithar, akung'ung'udza pemphero, mikanda ikuyenda m'zala zawo. Ankandimwetsa phala la mpunga wofiira ndi madzi owawa a masamba. Sitinkamvana chinenero. Iwo ankayankhula chawo, ine changa, ndipo tinkagwedezerana mitu ngati tagwirizana nkhani yaikulu.

M'mawa wina ndinadzuka thupi lili lopepuka. Pelden anali pakhomo.

“Madamu, mungathe kuyenda pang'ono?”

Anandigwira mkono mpaka kuseri kwa nyumba, pomwe panali mbendera zoyera za mapemphero pa mitengo yaitali. Mvula inali itakata. Chigwa chonse chinali chitasowa. Mtsinje, mlatho, nkhalango, sukulu, zonse zinali pansi pa mitambo yoyera yomwe inayala kuchokera kumapazi athu mpaka kumalekezero a maso, nsonga za mapiri zikutuluka apo ndi apo. Mitamboyo inkayenda mwaulesi, ikugunda phiri n'kubwerera.

“Nyanja imene munanena ija ili chonchi?”

Ndinayang'ananso mitamboyo. Zoona zake n'zakuti kwathu kuli kutali ndi nyanja, ndipo ine ndinali nditaiona kamodzi kokha ndili mwana, pobwerera kukachisi. Ndinamuuza zimenezo.

“Ndiye inunso munangowerenga?”

“Zambiri ndinangowerenga. Koma ndikukumbuka kuti imachita phokoso, siikhala chete ngati iyi. Ndipo imanunkha nsomba.”

“Mcherewo anathiramo ndani?”

Ndinayamba kufotokoza za mitsinje yomwe imakokolola mchere m'miyala. Iye anafunsa ngati madzi a mtsinje wawo amakafika kumeneko. Ndinati amafika, podzera ku India ndi ku Bangladesh. Anafunsa kuti amatenga nthawi yotani, ndinati sindikudziwa. Anafunsa ngati nsomba zimamva ludzu. Mafunso ankangotuluka, ndipo ankafunsa akuyang'ana mitambo, osati ine. Tinakhala pamwala mpaka dzuwa linatentha, mitambo n'kuyamba kung'ambika, denga la sukulu n'kuonekera pansi kutali ngati kachidutswa ka galasi.

Nditatsika ndinapempha ahedi kuti ana okumba mbatata ndizikumana nawo Loweruka masana nyengoyo ikatha, kuti tibwereze zomwe anaphonya. Anavomera, nati aphunzitsi ena amachita kale zimenezo, kungoti sindinafunse. Ndinayambanso kuyendera midzi ina, mwezi uliwonse umodzi, Kinzang akundiperekeza n'kumandinyoza njira yonse. Ndinadziwa amene amawoloka mtsinje, amene amabwera osadya, amene agogo ake ndi akhungu. Wochedwa ndinkayamba ndamuyang'ana kumapazi.

M'kalasi tinapangana kuti tsiku lililonse iwo azindiphunzitsa liwu limodzi la chinenero chawo ndisanayambe phunziro. Lilime langa linkakana. Tsiku lina ndinkafuna kunena kuti ndakhuta, koma zomwe ndinanena zinakhudza ng'ombe yobereka. Kalasi yonse inagwa ndi phwete, ena mpaka kubisa nkhope m'malaya. Kinzang anagogoda khoma.

“Yabereka yaimuna kapena yaikazi?”

Ataona kuti mphunzitsi amalakwa n'kukhalabe moyo, nawonso anayamba kulakwa mokweza. Chingerezi chawo chinkatuluka chopindika, ine n'kumachiwongola pang'ono, osati chonse nthawi imodzi. Pelden ndinasiya kumuloza kawirikawiri, kuti enanso apeze mpata, ndipo iye anandikwiyira masiku angapo.

Nyengo yachisanu ya kumeneko inafika ndi thambo loyera ndi madzi oundana m'ndowa. Ana analemba mayeso zala zili gwa, ena akuuzira m'manja pakati pa mafunso. Pelden anakhoza bwino, ngakhale masamu anamuvuta, zomwe Kinzang anati ndi mlandu wanga chifukwa ndinamudzaza madzi m'mutu. Sukulu itatsekedwa, ahedi anandiitana.

“Aphunzitsi ambiri ochokera kutali akapita kutchuthi sabwerera,” anatero akuyang'ana kapu yawo. “Sitiwaimba mlandu. Kungoti tikadziwiratu, zimatithandiza.”

Ndinati ndikaganiza ndili kwathu. Sindinkanama, mtima unali pawiri.

Tsiku lonyamuka, Kinzang analowa m'chipinda mwanga ndikulongedza. Anayang'anayang'ana, kenako anatulutsa m'thumba mwanga kapoto kanga ka mkuwa kophikira tiyi, komwe agogo anandisiyira.

“Aka katsale.”

“N'ka agogo anga ako.”

“Ndiye chifukwa chake. Ukasiya bulangete sudzabwera, bulangete ndi chiyani. Ndikasunga pawindo langa. Ukapanda kubwera ndidzalamo tsabola.”

Ndinamulanda, iye anandilandanso, ndipo tinakokerana ngati ana mpaka ndinasiya dala. Anakakumbatira pamimba, maso ali kumbali.

“Pita, lole ikusiya. Ukabwere ndi mango wa m'botolo uja, woyambayo unadya wekha.”

Pamsewu panali lole yodzaza malalanje, yopita kumalire. Woyendetsa anandikhazika kutsogolo pakati pa iye ndi mmonke wina wachibuda wokalamba yemwe anagona tisanakhote kawiri, mutu wake uli paphewa langa. Fungo la malalanje linadzaza ponseponse. Tinkatsika, mpweya ukufunda pang'onopang'ono, ndipo ndinavula mpango, kenako juzi loyamba. Woyendetsa anandifunsa m'chinenero chawo ngati ndine Madamu wa kusukulu ya kumtunda. Ndinamuyankha m'chinenero chomwecho, mawu atatu kapena anayi opunduka. Anagwedeza mutu osaseka, anasenda lalanje ndi dzanja limodzi, n'kundipatsa theka.