Phazi la Nkhanga

A Ezron Sakala sanali munthu wofulumira. Ngakhale moni ankayankha atayamba ameza malovu. Anachoka kwawo ku Petauke nkhondo yaikulu ija itangotha, nagwira ntchito pa famu ya mzungu wina kufupi ndi Kasisi, kusoka zishalo za mahachi ndi zingwe za ng'ombe zolima. Mzunguyo atagula thirakitala ntchito inatha, ndipo a Ezron anatuluka pa geti ndi mpeni umodzi, masingano atatu ndi dilamu lakale la mafuta. Ndi zimenezi anayamba kusoka zikwama za amayi.

Chikopa cha mbuzi ankachinyika m'madzi a phulusa mpaka ubweya uchoke, n'kuchipala, kenaka n'kuchiviika m'dilamu la madzi a makungwa a msuku. M'menemo chinkagona miyezi iwiri yathunthu. Pofuna kudziwa ngati chapsa, ankacheka kachidutswa chapakhosi n'kuyang'ana pochekapo. Chikopa chakupsa chimafiira mpaka mkati, koma chosapsa chimaonetsa kamzere koyera pakati, kopyapyala ngati ulusi. Akaona kamzereko ankachibweza m'dilamu, ngakhale mwini chikwama atakhala pomwepo pampando akugwedeza mwendo. Chikapsa, akazi awo a Olipa ankachipaka mafuta a nsatsi n'kuchifufuta mpaka chifewe. Pamwezi pankatuluka zikwama ziwiri, zikachuluka zitatu. Chilichonse chikatha, a Ezron ankawotcha msomali n'kulemba pangodya ya chivundikiro timizere titatu tokumana pamodzi, phazi la nkhanga. Kulemba sankadziwa, ndiye dzina lawo linali limenelo.

Oyamba kugula anali a Dailes, akazi a mphunzitsi wamkulu, m'chaka cha 1953. Mayi ameneyu, tinene zoona, ankakonda kuonedwa. Pa Sondo analowa m'tchalitchi mochedwa dala, chikwama chili pamkono, nayenda pang'onopang'ono mpaka kutsogolo. Amayi anzawo ndalama ya chopereka ankaimanga pamfundo ya chitenje. Iwo anatsegula chikwama n'kufufuzamo nthawi yaitali ngati muli katundu, chonsecho munali kandalama kamodzi ka tiki ndi kampango. Tsiku limenelo ulaliki sunamveke kumbali ya amayi.

Basi, mbiri inayenda. Akazi a kalaliki wa kukhoti anaitanitsa chawo. Anamwino awiri a ku Lusaka anabwera pa lole ya mkaka kudzaona ndi maso. Munthu ankadikira miyezi inayi, mwina isanu, ndipo kudikirako n'kumene kunkakometsa. Mayi akati, "Changa chili m'dilamu kwa a Sakala," anzake ankamuyang'ana ngati wanena kuti mwana wake wapita ku sekondale. A Ezron zonsezi ankazimva. Sankaseka pagulu, koma akamawotcha msomali uja ankaimba kanyimbo ka kwawo chamumtima.

Zinayenda choncho zaka zitatu. Mu Okotobala wa 1956 anafika mlamu wawo a Matthias, mlongo wa a Olipa, amene ankagulitsa makala ku Lusaka pa njinga. Anafika thukuta lili kamukamu, asanatsike n'komwe pa njinga pakamwa patatseguka kale.

"Alamu, mwayi wagwa pakhomo. Mmwenye wa sitolo yaikulu afuna zikwama makumi anayi Khirisimasi isanafike. Akuti azaika pa galasi, kutsogolo."

"Makumi anayi?" anatero a Ezron. "Ine nili na manja awiri chabe."

"Kusoka tizathandizana. Zikopa napeza kale kwa opha mbuzi, madilamu nizabwereka."

A Ezron anawerenga masabata pa zala, naona kuti sakukwana. Anavomera kunyika zikopazo, poti kunyika si kulonjeza. Patatha mwezi umodzi a Matthias anabweranso, akuti nthawi yosoka yakwana. A Ezron anavuula chikopa chimodzi, nacheka pakhosi. Kamzere koyera kanali pomwepo, koonekera bwinobwino. Anavuula china, chimodzimodzi.

"Sizinapse. Zifunika mwezi wina."

A Matthias sanatsutse. Anangomasula kathumba kumbuyo kwa njinga n'kutulutsa chikwama chimene anagula pamsika ku Lusaka. Kunena kuti chikwama ndi ulemu chabe: katoni yokutidwa ndi kachikopa kopyapyala, msoko wokhotakhota, chogwirira chomata ndi ulimbo. Koma pangodya ya chivundikiro panali timizere titatu towotcha ndi msomali.

"Awa agulitsa dzina lanu, imwe mukali kusuzumira m'dilamu," anatero a Matthias. "Mukachedwa, anthu azayesa phazi la nkhanga ni ili. Papsa tonola, alamu."

A Ezron anachitembenuza chinthucho kawiri katatu. Mtima unawawa. Zaka zonsezi akudikirira makungwa, kenaka wina wake wopanda manyazi angotenga msomali n'kuba dzina lawo masana dzuwa likuswa mtengo. Anachiponya pansi, nauza a Matthias kuti avuule zikopa zonse.

A Olipa anali pakhonde, akusenda nsatsi. Anadikira mpaka mlongo wawo atapita kumadilamu.

"Atate a Rosaria, kamzere kaja mwakaona?"

"Nakaona."

"Nanga?"

"Mafuta azabisa."

"Mafuta abisa kunja," anatero a Olipa. Anafufuta zikopa zonsezo monga mwa masiku onse, koma ankazimenyetsa pa mtondo mwamphamvu moti nkhuku zinasamukira kuseri kwa nkhokwe.

Ndiye taonani zimene munthu amachita akapsa mtima. Pofuna kupulumutsa dzina kwa akuba, a Ezron anadzibera okha. Anasoka masabata anayi osapuma, a Matthias akuboola mabowo, a Olipa akupaka phula pa ulusi. Zikwamazo kukongola kwake kunali kosanena, zonyezimira, zofewa, msoko wowongoka. Mmawa umodzi anaziyala pamphasa n'kuziwotcha chizindikiro zonse motsatizana. Utsi wake sunanunkhe makungwa monga kale. Unanunkha nyama yowauka. A Ezron anaumva, napitiriza.

Mmwenye uja pomaliza anatenga makumi atatu okha. Zotsalazo a Matthias anazipachika pa handulo ya njinga n'kumagulitsa m'njira kwa aliyense woimika, pamtengo wotsika. Zodikira miyezi zinatha. Pofika pakati pa Disembala, phazi la nkhanga linali paliponse: pachigayo, pachitsime, kumaliro.

A Dailes anawatsekera njira a Ezron tsiku lina akuchokera kokatema makungwa. Chikwama chawo chinali pamkono, koma nkhope inali yokwinya.

"Ba Sakala, n'chiyani ichi mwatichita? Ine n'nayembekeza miyezi itatu. Manje na Nelesi wogulitsa thobwa la munkoyo ali nacho. Dzulo namuona atulutsamo fodya na kapenta. Nanga ine nizasiyana naye bwanji?"

"Amayi, shilingi ya wa munkoyo na shilingi ya aphunzitsi zilira chimodzimodzi," anayankha a Ezron.

Yankholo linali la a Matthias, iwo anangolibwereka. A Dailes anatsonya n'kumapita. A Ezron anakwiya nawo njira yonse, makamaka chifukwa mkati mwa kudzikonda konseko munali kachoonadi.

Pa Khirisimasi mvula inayamba m'mamawa. Anthu anayenda mitunda kupita ku Misa akuvumbwa, ena atafunda masaka, ena masamba a nthochi. Amayi anabisa ana kumsana, koma zikwama anazisiya poyera, poti chinthu chogulira Khirisimasi sachibisa. Tchalitchi linadzaza mpaka pakhomo, mawindo atatsekedwa chifukwa cha mphepo. Anthu anayamba kutenthedwa, zovala zikufuka nthunzi.

Fungo linayambira kumbali ya amayi. Poyamba aliyense anayesa ndi mwana wa mnzake. Kenaka linakula, linawoloka kanjira kapakati n'kufika kwa abambo. A Ezron analidziwa lisanafike n'komwe bwino pamphuno: chikopa chachiwisi chikanyowa, fungo la tonde. Anaweramitsa mutu. Atadzutsa maso anaona amayi akuyang'anizana, kenaka mmodzimmodzi akutsitsa chikwama pansi n'kuchikankhira kunsi kwa benchi ndi chidendene. Nyimbo inkaimbidwa ndi anthu otseka mphuno ndi mipango. Kutsogolo kuja a Dailes anakhala mowongoka, chikwama chawo chakale chili pamiyendo, chitangopukutidwa madzi n'kuuma, chopanda kafungo ngakhale pang'ono. Koma mayi wokhala pambali pawo anayang'ana timizere titatu tija, nasendera kutali. Potuluka, agalu awiri anatsatira Nelesi mpaka kumsewu, anthu akuseka.

Dzuwa litawala, zikwama zija zinauma gwa, zinapindika, zina zinang'aluka pa msoko. Mmwenye anabweza zake m'saka, osatumiza ndi mawu omwe. Amayi a m'midzi anabwera nazo okha n'kumaziponya pakhomo, ena atanyamula ndi kamtengo. Dzina latsopano linapezeka msanga: zikwama za tonde. A Matthias atafunsidwa ndi mlongo wawo anangotambasula manja.

"Ine n'nakamba chabe. Mpeni unali m'manja mwa alamu."

Chokwiyitsa n'chakuti sananame. Anakwera njinga yawo kubwerera ku makala, kumene mvula siwononga mbiri ya munthu.

A Ezron anakumba dzenje kuseri kwa khola n'kukwirira zonse. Anatsuka dilamu lawo lakale lija, natema makungwa atsopano, nanyika zikopa zisanu ndi chimodzi zokha. Usiku ndi usana mtima unkawauza chinthu chimodzi, ndipo anachinena kwa akazi awo kangapo.

"Amake Rosaria, zakale zija zilipo. Zizanichitira umboni. Cha amayi aphunzitsi chatha zaka zitatu, chavumbwa kangati? Anthu ali na maso, azaona kusiyana."

A Olipa ankangoti, "Tizaona."

Chakumapeto kwa Januwale, dzuwa lili pamutu, a Dailes anafika pakhomo. Pamkono panalibe kanthu. Chikwama anachikulunga m'chitenje ngati munthu wonyamula nkhuku yakuba. A Olipa anawayalira mphasa, analonjerana, kenaka mlendoyo anamasula mtolowo.

A Ezron anachilandira ndi manja awiri. Koma chikwama inu! Zaka zinachidetsa pang'ono, chogwirira chinasalala ndi thukuta la m'manja, koma panalibe ulusi ngakhale umodzi woduka. Anachinunkhiza. Makungwa a msuku ndi nsatsi. Chinali chabwino kuposa tsiku limene chinachoka pakhomopo, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere Khirisimasi anamva mtima ukutsika.

"Chavuta n'chiyani, amayi? Ine siniona polakwika."

"Chikwama chilibe mlandu," anatero a Dailes. "Nifuna muchotse aka." Analoza pangodya.

A Ezron anayang'ana chala chawocho nthawi yaitali.

"Ichi ni chakupsa, amayi. Si cha gulu lija. Muwauze anunkhize."

"Ba Sakala, nizayenda na chikwama kununkhiza anthu m'njira? Anthu sanunkhiza, aona chabe ka phazi aka basi ayamba kuseka. Sondo yatha ana a sukulu ananilirira ngati mbuzi kuseri kwa mpanda. Ine, mkazi wa aphunzitsi. Chikwama nichikonda, sinifuna kuchitaya. N'nafuna kupala neka na lumo, koma naopa kuononga. Imwe ndimwe muziwa chikopa."

A Ezron anafuna kukana. Koma akanati chiyani? Amene ananunkhitsa chizindikirocho sanali a Dailes, sanali a msika aja, sanalinso a Matthias. Anayang'ana akazi awo. A Olipa anali atatembenukira kumbali, akutola timiyala m'nyemba.

A Ezron anatenga mpeni wawo uja, womwewo wochekera pakhosi, naunola pa mwala. Anayala chivundikiro pa bondo n'kusenga pang'onopang'ono, mpweya atagwira, mpaka kachidutswa kokhala ngati chikhadabo kanachoka ndi timizere take tonse titatu. Asanachite china chilichonse anayang'ana pochekapo, mwa chizolowezi. Panali pofiira mpaka mkati, popanda kamzere koyera ngakhale kochepa. Anapendeketsa chikwamacho kuti a Dailes aone, koma iwo anali kuthamangitsa ntchentche pa mwendo.

Anadula kachikopa kena ngati tsamba, nakasokerera pabalapo ndi ulusi wa phula, msoko waung'ono wolingana ngati mano a chipeso. Kenaka anadula kenanso n'kusokerera pangodya inayo kuti zifanane, zioneke ngati zokongoletsa. Ntchito yoipa sankaidziwa, ngakhale pofufuta dzina lawo lomwe.

A Dailes anachitembenuza uku ndi uku, nkhope ikuwala.

"Mwachita bwino, ba Sakala. Nizakamba kuti alamu anga ananitumizira kuchoka ku Bulawayo. Manja anu ni odala zoona. Palibe amene azaziwa kuti ni chanu."

Anatsanzika, napinda chitenje chija n'kuchiika m'chikwama. Chikwamacho anachikoleka pamkono, poyera, n'kutuluka pakhomo pang'onopang'ono monga analowera m'tchalitchi tsiku lija.

A Ezron anatsala pa mpando, kachidutswa kaja kali pachikhatho. A Olipa anatha kusankha nyemba, napeta, kenaka anafunsa osawayang'ana.

"Zili m'dilamu zija zikapsa, muzalembapo chiyani?"

A Ezron anameza malovu, nafumbata kachidutswa kaja.